NYUMBA ZA MAKOMPYUTA NAZONSO ZIMAMWA MADZI

Mwezi wa Okutobala ukafika m'dziko la Mfumu Chikomeni, kudera la Lundazi, palibe munthu wofunika kuuzidwa kuti madzi ndi cinthu ca mtengo wapatali. Timitsinje totsikira ku Luangwa timasanduka mcenga wokhawokha, zitsime za m'madambo zimaphwa, ndipo amai amalawira tambala woyamba kukandanda ndi zigubu zao pa mjigo. Pamene dzuwa likuswa mtengo, ziweto nazo zimakhala zafika pomwepo, kudikira kuti wina azipopere madzi.

Mai akatula cigubu cace pakhomo, mwina lamya ya m'manja imalira. Ndi uthenga wakuti mwana wace wa ku Kitwe watumiza ndalama za sopo ndi mcere. Ulendo umene basi imayenda usana ndi usiku, ndalamazo zauyenda m'kanthawi kocepa, ndipo ambiri amaganiza kuti zangouluka m'mlengalenga. Koma zoona zace nzakuti uthengawo wadzera m'nyumba ina yodzala ndi makina, ndipo nyumba za mtundu umenewo zimamva ludzu monga amamvera anthu ndi ziweto. Nkhani ya sabata ino m'danga lino ndi ya ludzu limenelo, ndiponso ya kutentha kumene makinawo amataya.

NYUMBA ZACE NZOTANI?

Pa Cingerezi nyumbazi amazicha data centre. Mkati mwace simukhala anthu ambiri. Muli makompyuta mazanamazana, pena zikwizikwi, osanjikizidwa m'makabati acitsulo amene amandandalikidwa ngati mizere ya m'munda. Makompyutawo sagona. Usana ndi usiku amalandira, kusunga ndi kutumiza mauthenga, maina a anthu, zithunzi ndi mawerengero a ndalama. Munthu angaziyerekeze ndi nkhokwe, koma nkhokwe yosungamo mau ndi manambala m'malo mwa cimanga.

Mlimi wa kwa Chikomeni amene dzina lace linalembedwa mu ZIAMIS, kaundula wa Boma wa alimi olandira feteleza ndi mbeu za FISP, ali ndi kagawo kace m'nkhokwe yotere. Cimodzimodzinso nkhalamba yolandira ndalama za Social Cash Transfer, mwana wa sukulu woona zotsatira za mayeso pa lamya, ndi aliyense wotumiza mau pa WhatsApp kapena woona zithunzi pa Facebook.

Dziko la Zambia liri nazo nyumba zotere. Ya Boma, yochedwa Zambia National Data Centre, inamangidwa mu Lusaka ndi kampani ya ku China ya Huawei, ndipo inayamba nchito mu 2017. Kampani ya Boma ya Infratel ndiyo inapatsidwa udindo woiyang'anira pamodzi ndi inzace ya ku Kitwe. Kampani ya Paratus inamanganso yace mu Lusaka, ndipo dziko la Malawi linatsegula yace mu Blantyre mu 2022. Lamulo loteteza mbiri za anthu, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2021, linanena kuti mbirizo zizisungidwa m'makina a m'dziko momwemuno, kupatula pamene lamulo lomwelo lalola mwina. Motero nkoyenera kuyembekeza kuti nyumbazi zidzacuruka ndi kukula.

Kunja kwa Zambia zinakula kale modabwitsa. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 nyumba za makompyuta za pa dziko lonse lapansi zinadya magetsi oculuka pafupifupi ka 20 kuposa magetsi onse amene Zambia amapanga pa caka. Linanenanso kuti pofika 2030 njala imeneyi idzakhala itawirikiza kawiri ndi kupitirira, makamaka cifukwa ca makompyuta atsopano oyankha mafunso ngati munthu, amene amachedwa AI.

PHUNZIRO LA KU CIGAYO

Wofuna kumvetsa cifukwa cace makina amafuna madzi apite ku cigayo ca dizilo. Pambali pa injini pamakhala mgolo wa madzi wolumikizidwa ndi mapaipi. Cigayo cikagaya kwa kanthawi, madzi a mumgolo amatentha, nthunzi nkuyamba kukwera, ndipo mnyamata wa pacigayo amathiramo ena ndi ndowa. Tsiku limene adzaiwale, injini idzauma ndipo mudzi wonse udzabwerera ku mtondo.

Kompyuta iribe moto kapena utsi, koma khalidwe lace ndi lomwelo. Lamya ya m'manja ikagwira nchito nthawi yaitali imafunda m'dzanja. Pafupifupi magetsi onse olowa mu kompyuta amaturukamo ali kutentha. Tsono makompyuta zikwi akaunjikidwa m'cipinda cimodzi, cipindaco cimasanduka ng'anjo, ndipo popanda cowaziziritsa angaonongeke m'kanthawi kocepa.

Njira zowaziziritsira ziripo zingapo. Yoyamba ndi ya mphepo: makina onga a m'firiji amaziziritsa mpweya, ndipo zokupiza zazikulu zimaupititsa pakati pa makabati. Njira imeneyi simwa madzi ambiri, koma imadya magetsi kwambiri, makamaka m'nyengo yotentha.

Yaciwiri ndi imene amai a m'midzi anaidziwa kalekale. Madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'cigubu cifukwa mtsuko umacita thukuta. Timadzi toturukira m'dothi tikamauma timapita ndi kutentha. M'nyumba za makompyuta, madzi amene afunda amawakweza m'nsanja, mmene mphepo imawaomba kufikira ena atasanduka nthunzi, ndipo otsalawo amabwerera ku makina atazizira. Njira imeneyi imapulumutsa magetsi, koma madzi ambiri amene atungidwa amapita kumwamba, osabwereranso m'citsime cimene anacokera. Akatswiri amawerengera kuti pa yuniti iriyonse ya magetsi imene makompyuta adya, pamapita madzi osapitirira kwenikweni malita 2. Ndiponso madziwo ayenera kukhala oyera, pakuti amatope kapena amcere amatseka mapaipi. Ncifukwa cace kawirikawiri makinawa amamwa madzi omwewo amene anthu amamwa.

Yacitatu ndi yonga rediyeta ya galimoto: madzi amathiridwa kamodzi, nkumangozungulira m'mapaipi otsekeka. Kampani ya Microsoft inalengeza mu 2024 kuti nyumba zace zatsopano zizimangidwa motere. Madzi amapulumuka, koma magetsi amapitako oculukirapo. Mwacidule, mwini nyumba amasankha pakati pa ziwiri: kumwa madzi ambiri kapena kudya magetsi ambiri.

ZIMENE ZINAONEKA KWINA

Kumene nyumbazi zinakula, mikangano ya madzi inabuka kale. M'tauni yaing'ono ya The Dalles, m'cigawo ca Oregon ku America, kampani ya Google iri ndi nyumba zace za makompyuta. Anthu atafunsa kuculuka kwa madzi amene nyumbazo zinali kumwa, akuluakulu a tauni anakana kuulula, nati cimeneco ncinsinsi ca malonda. Nyuzipepala ya The Oregonian inalimbikira, nkhani inafika ku khoti, ndipo kumapeto kwa 2022 zinadziwika kuti mu 2021 nyumbazo zinamwa malita oposa 1,300 miliyoni, ndiko kuti koposa gawo limodzi mwa magawo 4 a madzi onse a tauniyo.

Ku Uruguay, dziko la ku South America, kunagwa cilala coopsa mu 2023, kotero kuti mu mzinda waukulu wa Montevideo anthu anali kulandira madzi amcere m'mipopi. Pa nthawi yomweyo zinamveka kuti nyumba imene Google inafuna kumanga pafupi ndi mzindawo ikanamamwa malita 7,600,000 pa tsiku. Anthu anakwiya naguba m'miseu. Kampaniyo inasintha mapulani ace, nisankha kuziziritsa ndi mphepo, ndipo cilolezo cinaperekedwa mu 2024. Ku Chile nakonso, m'caka comweco, khoti litafunsa za madzi a pansi pa nthaka a mzinda wa Santiago, kampani yomweyo inabweza mapulani ace kuti iwakonzenso.

Nambala ya ku Uruguay ija imamveka bwino ikawerengedwa ndi muyeso wa pa mjigo. Malita 7,600,000 ndi zigubu 380,000 za malita 20. Mjigo umodzi umayembekezeka kutumikira anthu 250, ndipo aliyense akatunga cigubu cimodzi pa tsiku, mjigowo waturutsa malita 5,000. Kunena kwina, nyumba imodzi yokha ikanamamwa tsiku ndi tsiku madzi a mijigo 1,520.

Pamenepa mpofunika kunena cilungamo. Nyumba za makompyuta za m'Zambia nzazing'ono kwambiri poyerekeza ndi zimenezo, ndipo sizo zimene zimaphwetsa zitsime za kwa Chikomeni. Lusaka ali pa mtunda wa makilomita oposa 700 kucokera ku Lundazi. Komabe mzindawo umamwa madzi a m'mijigo yace ndi a mumtsinje wa Kafue, ndipo ku Kanyama, ku Chawama ndi m'makomboni ena, kumene kuli abale ambiri a kum'mawa, anthu amandanda ndi zigubu monga amacitira kumudzi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko lino, ambiri a iwo a mu Lusaka. Mzinda wotere uyenera kuwerenga bwino madzi ace usanalandire mlendo waludzu.

MAGETSI A ZAMBIA NDI MADZI NDITHU

Wina anganene kuti, ngati ziri conco, nyumba za kuno ziziziziritsidwa ndi mphepo basi. Koma m'Zambia nkhani siithera pamenepo, popeza magawo oposa 80 pa 100 a magetsi a dziko lino akhala akucokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Ngakhale tauni ya Lundazi, imene kwa zaka zambiri inali kulandira magetsi kucokera ku Malawi, inali kuunikiridwa ndi madzi a mumtsinje wa Shire.

Nzoona kuti madzi ozunguza makina a magetsi satha. Amapitirira ulendo wao, ndipo a ku Kariba amakagwiranso nchito ku Cahora Bassa m'dziko la Mozambique. Koma damu likaphwa, magetsi amacepa, ndipo ocepawo ayenera kugawidwa. Caka ca 2024 cinaphunzitsa aliyense zimenezi. Pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapserera. Pofika Sepitembala, mwa makina 6 a ku Kariba North Bank amene anali kuzungulira anali amodzi okha, ndipo m'madera ambiri magetsi anali kuzima kufikira maola 21 pa tsiku. Zigayo za magetsi zinaima, owocherera zitsulo anakhala manja lende, ndipo mapampu a madzi m'matauni analeka kukoka.

Nyumba ya makompyuta siloledwa kuzima ngakhale mphindi imodzi. Magetsi akacoka, mabatire amagwiriziza pamene majenereta a dizilo akuyaka. Motero m'caka ca cilala nyumba yaikulu yotere imakhala pa mzere umodzi ndi cipatala, mgodi ndi cigayo, onse kudikira magetsi a damu limodzi.

Asaganize munthu kuti makinawa ndi a m'mizinda yokha. Ku Ikelenge, kumpoto cakumadzulo kwa Zambia, kuli malo ang'ono opangira magetsi ochedwa Zengamina, pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Kalene. Kampani ya ku Kenya ya Gridless inaikapo cibokosi cacitsulo codzala ndi makompyuta opanga Bitcoin, ndalama ya pa intaneti. Wailesi ya BBC inasimba mu 2025 kuti munali makompyuta 120, ogwiritsa nchito magetsi otsala amene midzi sinali kuwatha, ndi kuti malipiro ace anali pafupifupi magawo 30 pa 100 a ndalama zonse za malowo. Kampani yomweyo inacitanso cimodzimodzi kwa Bondo, m'mphepete mwa phiri la Mulanje ku Malawi. Zitsanzo ziwirizi zionetsa kuti makompyuta amalondola kumene kuli madzi ndi magetsi, ngakhale kukhale kutali ndi tala. Zionetsanso kuti pangano labwino ndi lotheka: anthu ayambe adya, makina adye zotsala.

KUTENTHA KUMENE KUMATAYIDWA

Mbali yaciwiri ya nkhaniyi ndi kutentha. Kaya kwacotsedwa ndi madzi kaya ndi mphepo, kutenthako kumaturutsidwa panja nkutayika, pamene kunagulidwa ndi magetsi a mtengo wapatali. Maiko ozizira anayamba kuona kuti kumeneku nkutaya cuma.

Mu mzinda wa Odense ku Denmark, kutentha kocokera m'nyumba ya makompyuta a Facebook kumalowetsedwa m'mapaipi a madzi ofunditsa nyumba za anthu zoposa 6,000. Ku Finland, makampani a Microsoft ndi Fortum anagwirizana mu 2022 kucita zomwezo m'matauni oyandikana ndi Helsinki. Ku France, dziwe losambiramo limene linamangidwa ku Saint-Denis cifukwa ca masewera a Olympic a mu 2024 linalandira kutentha kocokera m'nyumba ya kampani ya Equinix. Ndipo dziko la Germany linakhazikitsa lamulo mu 2023 lakuti nyumba zatsopano zoyamba nchito kucokera mu Julaye 2026 zizigwiritsanso nchito gawo la kutentha kwao, kuyambira pa magawo 10 pa 100.

Mlimi wa fodya wa ku Lundazi, amene amatha ngolo za nkhuni caka ndi caka m'mabani ace, angafunse ngati kutentha kumeneku sikungapulumutse mitengo. Yankho lace liri pawiri. Coyamba, mpweya woturuka m'makompyuta ndi wofunda cabe, kawirikawiri wa pakati pa madigiri 30 ndi 45, pamene fodya wa m'bani amafuna madigiri pafupifupi 70 kuti mitsitsi ya masamba iume. Ngakhale ku Denmark amayamba auonjezera mphamvu ndi makina ena asanautumize m'nyumba za anthu. Caciwiri, kutentha sikuyenda ulendo wautali. Uthenga ungacoke ku Lusaka kufika kwa Chikomeni m'kamphindi, koma madzi ofunda amazizira m'njira. Wopindula ndi iye yekha amene wamanga pafupi.

Komabe nchito zofuna kufunda kocepa ziripo zambiri m'dziko lino. Anapiye a sabata yoyamba amafuna madigiri oposa 30, ndipo alimi ambiri amawafunditsa ndi mbaula za makala. Nsomba za m'maiwe zimaleka kuswana m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye. Nshawa ndi cimanga zikasungidwa zisanaume bwino zimagwira cuku cimene cimadwalitsa anthu ndi kugwetsa mitengo pa msika. Zipatala ndi masukulu ogonera komweko amafuna madzi ofunda ocapira tsiku liri lonse. Nyumba ya makompyuta itamangidwa moyandikana ndi khola la anapiye, malo oswetsera nsomba kapena shedi youmitsiramo mbeu, cimene cikanatayidwa cingathe kupulumutsa matumba a makala. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha zitaganiziridwa maziko asanakumbidwe.

MAFUNSO OYENERA KUFUNSA

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Palibe wa kwa Chikomeni amene angafune kubwerera ku masiku otumiza ndalama ndi kondakitala wa basi, kapena oyenda tsiku lathunthu kukafunsa ngati dzina laturuka pa mndandanda wa feteleza. Nyumba za makompyuta nzofunika, ndipo nkwabwino kuti mbiri za anthu a m'Zambia zisungidwe m'Zambia. Cofunika ndi cakuti matope ace adziwike mvula isanagwe.

Malamulo otetezera anthu alipo. Lamulo la madzi la mu 2011 linakhazikitsa bungwe la WARMA, limene limapereka cilolezo kwa otunga madzi ambiri a malonda, ndipo kuyambira mu 2018 mijigo nayo iyenera kulembetsedwa. Bungwe la ZEMA limaunika nchito zazikulu zisanayambe, ndipo anthu okhudzidwa ali ndi ufulu wonena maganizo ao pa misonkhano yace. Pa malo a makolo, wofuna kutenga malo ayenera kuyamba wapeza cibvomerezo ca mfumu. Koma lamulo limagwira nchito pamene pali anthu ofunsa.

Tsono kukadzabwera alendo ofuna malo omangapo nyumba yotere, kaya ndi ku Lusaka, ku Chipata kapena pafupi ndi damu lina la kumudzi, mafumu, nduna zao, makhansala ndi makomiti a citukuko ayenera kufunsa mafunso awa poyera.

Kodi nyumbayo idzamwa malita angati pa tsiku, makamaka mu Okutobala, ndipo adzatungidwa kuti?

Kodi adzakhala madzi akumwa, kapena madzi ogwiritsidwa kale nchito amene ayeretsedwanso?

Kodi m'caka ca cilala adzayambe kucepetsa ndani, makina kapena anthu?

Kodi magetsi ace adzacokera ku damu lomwelo, kapena eni ace adzaika ao a dzuwa?

Kodi kutentha kwace kudzapita kuti, ndipo adzapindula nako ndani?

Kodi manambala amenewa adzalengezedwa caka ndi caka kuti aliyense awaone?

Anthu a ku The Dalles anadziwa zoona nyumba zitamangidwa kale, ndipo anacita kudzera ku khoti. A ku Uruguay anafunsa njerwa isanaikidwe, ndipo mapulani anasinthidwa. Kusiyana kwace kunali nthawi yofunsira basi. Amai amene amawerenga zigubu pa mjigo m'mawa uli wonse amadziwa kale masamu a madzi kuposa ambiri okhala m'maofesi, ndipo pa misonkhano yotere ayenera kupatsidwa malo a patsogolo. Safunsa anadya phula.